Gloria ndi Madzi a Mandimu

1. Zipi yakana

Gloria anali mtsikana wa Fomu 3, wathupi lake ndithu, monga analili akazi onse a kuchimake. Tsiku lililonse ankapalasa njinga kuchoka kumudzi kwawo, kufupi ndi doko la Kachulu, kupita kusekondale yoyendera. Panjira ankapitirira anyamata osawacheukira n'komwe. Bambo ake, a Jameson, anagula njingayo atagulitsa mpunga, ndipo pocheza ndi anzawo sankatha mawu atatu osatchula njingayo kapena mwini wake.

Mavuto anabwera ndi ukwati. Msuweni wake Comfort ankakwatiwa mu Ogasiti, ndipo anasankha Gloria kuti akhale mmodzi wa operekeza akwati. Madiresi anali obwereka kwa mayi wina wa ku Zomba. Anali obiriwira, okongola zedi, koma onse osokedwa mofanana ngati kuti atsikana a dziko lino anaumbidwa m'chikombole chimodzi.

Tsiku loyesa, zipi ya diresi la Gloria inakwera mpaka pakati pa msana n'kuima. Anzake anakoka. Comfort anakoka. Anamuuza kuti akokere mimba m'kati, iye anakokera mpaka maso kufiira. Zipi inakana.

"Diresili ndi la eni ake, sitingalisosole," anatero Comfort mwachisoni. "Ukapanda kulowamo usadandaule, msuweni. Udzathandiza amayi kophika."

"Matembawa muwachepetseko, asisi," anatero mtsikana wina, ndipo onse anaseka chikhakhali.

Gloria anaseka nawo, koma mawuwo anamubaya. Anapita kwawo ali ndi manyazi ndi thupi lomwe mpaka tsiku limenelo linali lisanamulakwirepo.

2. Gulu la pafoni

Mmodzi wa operekeza anzake anamulowetsa m'gulu lina la pafoni. M'gulumo munali amayi ndi atsikana a m'tauni amene Gloria anali asanawaonepo. Ankatumiza zithunzi ziwiriziwiri. Choyamba munthu ali wonenepa, atakwinya nkhope. Chachiwiri munthu yemweyo ali wowonda, akumwetulira, dzanja lili m'chiuno.

Malamulo ake anali achidule. M'mawa, madzi ofunda a mandimu. Masana, madzi a mandimu ndi nkhaka imodzi. Madzulo, timasamba towiritsa topanda mafuta. Nsima ayi, mpunga ayi, nyemba ayi, nsomba ayi.

Mandimu ndiye sanavute. Mtengo wa kuseri kwa bafa unali utabereka mochita kuweramitsa nthambi. Chovuta chinali kuzemba maso a amayi ake, koma Gloria anapeza njira. Mbatata yomwe ankamupatsira kusukulu ankagawira anzake. Akapita kwa Comfort kokayeserera sitepe ya ukwati ankati wadya kunyumba. Akabwera kunyumba ankati wadya kwa Comfort. Amayi ake ankaweruka mochedwa kumathandala oyanikira matemba kudoko, ali otopa, ndipo ankangomukhulupirira.

Poyamba zinthu zinayenda. Siketi ya yunifolomu inayamba kuzungulira m'chiuno, ndipo Gloria anaigwira ndi pini akusangalala. Atayesanso diresi lija, zipi inakwera mpaka pamapewa.

Kenako zina zinatsatira, zomwe a m'gulu aja sanazitchulepo. Ankamva kuzizira ngakhale dzuwa lili paliwombo. Akadzuka pampando ankayamba wagwira khoma chifukwa cha chizungulire. Tsitsi linkatsalira m'chipeso. M'kalasi ankangosinza, ndipo munthu akamulankhula pang'ono ankamukalipira.

Njinga nayo inayamba kulemera. Tsiku lina pochokera kusukulu anatsika n'kukhala pansi m'mbali mwa msewu. Anamupeza ndi Meshack, mnzake wa m'kalasi, mwana wa a Fanuelo a mudzi woyandikana nawo. Iyeyu analibe njinga, ankayenda wapansi.

"Khala pakaliyala, ndipalase ndine," anatero Meshack. "Iwe upuma, ine ndifika msanga. Tonse tapindula."

Kuyambira tsiku limenelo ankapita ndi kubwera chomwecho. Panalibe china chilichonse pakati pawo. Koma msewu wopita ku Kachulu uli ndi maso ambiri.

3. Amayi a kumathandala aphatikiza nkhani

Amayi oyanika matemba ndi akatswiri pa zinthu ziwiri: kudziwa nsomba yoyamba kuvunda, ndi kudziwa mtsikana woyembekezera iye mwini asanadziwe. Pa Gloria sanachedwe.

"Make Gloria, musandide, koma ine ndaona," anatero mayi wina akutembenuza matemba. "Mwana wokonda mandimu m'mawa ndi madzulo, wokana nsomba, wogwira khoma akamadzuka. Kodi inu simunaberekepo?"

"Njinga ijanso akupalasa ndi mwana wa a Fanuelo masiku ano," anawonjeza wina. "Mwini wake amangokhala kumbuyo."

Amayi a Gloria anasiya matemba pathandala n'kubwerera kunyumba dzuwa likadalipo. Kuseri kwa bafa anapeza mulu wa makoko a mandimu. Anaitanira mwana wawo kuchipinda n'kutseka chitseko.

"Mwezi uno waona?" anafunsa.

Gloria anayang'ana pansi. "Ayi, amayi."

"Watha uja?"

"Ayinso."

Mayiwo anangokhala pansi poteropo, manja kumutu.

A Jameson atamva anapsa mtima kwambiri. Anatenga unyolo ndi loko n'kumangirira njinga ija kunsanamira ya pakhonde.

"Ndinagulitsa mpunga wanga kuti uzipita kusukulu, osati kuti uzinyamulidwa ndi anyamata," anatero. "Ndatuma kale uthenga kwa a Fanuelo. Mawa masana ine ndi amalume ako tikakhala pakhomo pawo. Za sukulu uiwale."

"Ababa, sindinachite kanthu!" analira Gloria.

"Nanga n'chiyani? Tiuze."

Gloria anangopitiriza kulira. Ankadziwa kuti akaulula amukakamiza kudya, ndipo zipi ija inali itatsala pang'ono kufika pakhosi. Tinene mosabisa, kumeneku kunali kupusa. Sukulu yake inali itamangidwa pansanamira, mwana wa eni ake anali pafupi kuzengedwa mlandu, koma iye ankaganizabe za diresi lobwereka.

4. Chithunzi chachitatu

M'mawa mwake kunabwera azakhali ake, a Veronica, mlongo wawo wa a Jameson. Iwowa ankagulitsa matemba pamsika wa Songani, ndipo ankabwera ndi madengu awo kudzapikula ku Kachulu. Anali mayi ojintcha, a mawu omveka kutali. Anapeza pakhomo pali zii ngati pagwa maliro.

A Veronica anamvetsera nkhani yonse mpaka kumapeto. Anaitanira Gloria pansi pa mtengo wa mandimu uja n'kumugwira dzanja. Anayang'ana pini ya pasiketi, anayang'ana mafupa a m'khosi.

"Oyembekezera ndawaona ambiri," anatero. "Ena amawonda ndithu, koma manja ozizira chonchi sindinawaone. Iwe, nsima unadya liti komaliza?"

Gloria anayamba kusisima.

"Ndionetse amene akukuphunzitsa zimenezi."

Mtsikanayo anatulutsa foni. A Veronica anayang'ana zithunzi zija kwa kanthawi, akupukusa mutu.

"Choyamba ndachiona, chachiwiri ndachiona," anatero. "Nanga chachitatu chili kuti? Cha chaka chamawa?"

"Palibe, azakhali."

"Ine ndinachionapo, ndiye tchera khutu. Ndisanayambe geni ya matemba ndinkagwira ntchito m'nyumba ya mayi ena ku Zomba. Anali a mu ofesi, abwino mtima kwabasi, ndipo mpaka lero timalonjerana. Mayi amenewo anayesa zonse zimene ukuchita iwezi. Chaka china anali pa msuzi wa kabichi wokhawokha. Chaka china anali pa ufa wa m'zitini wosungunula m'madzi. Chinanso anali pa mandimu ako omwewa. Ulendo uliwonse ankawonda msanga, anzawo n'kumawaombera m'manja, zithunzi n'kumajambulidwa.

"Koma wochapa ndi kusita ndinali ine. M'kabati mwawo munali zovala za anthu atatu: za wowonda, za wapakati, ndi za wonenepa. Pakapita miyezi yochepa, njala ija inkawagonjetsa, chifukwa palibe munthu angakhale moyo wake wonse pa nkhaka. Ankabwera kuntchito n'kuyamba kudya ali chiimire, chikwama chikadali paphewa. Thupi linkabwerera, ndipo silinkabwerera lokha ayi, linkabwera ndi lina lowonjezera. Ndinkachotsa zovala zazing'ono zija n'kuziika m'sutikesi iwo akulira. Pamapeto pake anagonekedwa m'chipatala, n'kuwachita opaleshoni yochotsa timiyala m'ndulu. Madokotala anati kuwonda kothamanga kuja kunathandizira.

"Atatuluka anasiya zonsezo. Anayamba kudya katatu ngati munthu, kuchepetsa shuga ndi zokazinga, kupita kuntchito wapansi. Thupi linatsika pang'onopang'ono, moti palibe amene anawaombera m'manja. Koma silinabwererenso. Chithunzi chimenecho sungachipeze pafoni, mwana wanga, chifukwa sichidabwitsa munthu."

Gloria anapukuta misozi. "Ndikanena, andichotsa pamzere wa operekeza."

"Inde akuchotsa," anatero a Veronica mosapsatira. "Diresi limenelo udzalivala tsiku limodzi, Lolemba n'kulibweza ku Zomba. Sukulu ndi yako. Mwana wa a Fanuelo naye ali ndi yake, ndipo kulakwa kwake n'koti anakuchitira chifundo. Ine sindikakunenera kwa achimwene. Kamwa uli nalo."

Ananyamula madengu awo n'kukakhala pakhonde.

5. Gloria alankhula

Dzuwa litakwera, a Jameson anatuluka atavala jekete yawo ya kutchalitchi, okonzeka kupita kwa a Fanuelo. Gloria anatulukira kuseri kwa nyumba, n'kugwada patsogolo pawo.

"Ababa, amayi, ndilibe pakati," anatero. "Ndakhala ndisakudya. Ndimafuna ndikwane m'diresi la ukwati wa Comfort. Ndinkakunamizani kuti ndadya. Meshack ankandinyamula chifukwa ndinkalephera kupalasa. Ndikhululukireni."

A Jameson anangoti kukamwa yasa.

"Kukhala ndi njala dala?" anafunsa. "M'nyumba muli matumba a mpunga?"

Anavula jekete ija n'kukhala pampando. Atayambanso kulankhula, mawu awo anali otsika.

"Iwe unali wamng'ono chaka chimene nyanjayi inauma. Ngalawa zinali gwa pamatope, kuchilumba cha Chisi anthu ankapita wapansi. Kunalibe matemba, kunalibe geni. Tinkadya kamodzi patsiku, tsiku lina osadya n'komwe. Amakowa ankati akhuta, n'kukankhira mbale yawo kwa iwe. Ine ndinkaona, ndipo ndinalibe choti ndingachite. Thupi limene ukulidalo tinachita kulisonkhera, mwana wanga. Lero ukulibweza ngati katundu wolakwika?"

Amayi a Gloria ankalira mwakachetechete. Kenako anafunsa chimene chinkawavutabe. "Nanga mwezi uja, alamu?"

"Zimenezo akatiuza a kuchipatala," anayankha a Veronica. "Achimwene, kwa a Fanuelo kudikire. Tiyambe tapita uko."

6. Mawu a anamwino

Kuchipatala chaching'ono cha m'deralo anapeza namwino wachikulire, wovala magalasi. Anamuyeza Gloria mkodzo, anamuyeza magazi, n'kumukweza pasikelo. Kenako anaitana amayi ake ndi azakhali ake kuti alowe.

"Mimba palibe," anatero. "Koma magazi achepa, ndipo mwanayu wafooka."

Amayi a Gloria anaomba m'manja katatu, n'kukweza maso kumwamba.

Namwino uja anatembenukira kwa Gloria. "Ndikufunse. Kwanu chikavuta chakudya, amayi ako amatani?"

"Amachepetsa ufa wophika. Tiyi timasiya. Ena amabisa chimanga pansi pa bedi."

"Thupi nalo limatero. Silidziwa za ukwati kapena za diresi. Likaona kuti chakudya chasiya kubwera, limati kwagwa chilala. Limayamba kuumira mphamvu, n'chifukwa chake ukuzizidwa ndi kusinza. Limaimitsa ntchito zina zimene lingathe kudikira nazo, n'chifukwa chake mwezi wako wasowa. Ndipo silidya mafuta okha, limadyanso minofu, yomwe ija unkapalasira njinga. Tsono tsiku limene udzayambirenso kudya, thupi limakumbukira chilala chija. Njala imakula, ndipo chilichonse cholowa limafuna kusunga. Ambiri amene amawonda mwanjira imeneyi amabwerera pomwe anali, ena mpaka kupitirira. Madzi a mandimu sasungunula mafuta, mwana wanga. Chimene chinakuwondetsa ndi njala basi.

"Iwe ukukula. Mafupa ako akumangidwa panopa, ndipo ubongo wako uli ndi mayeso a Fomu 4 kutsogoloku. Pausinkhu wako ndi ntchito imene umagwira, thupi lako silinali lodetsa nkhawa. Ukadzafuna kusamala thupi, njira yake ndi yosasangalatsa kumva: idya m'mawa, masana ndi madzulo. Matemba, nyemba, masamba, zipatso, nsima kapena mpunga wokukwanira. Chepetsa zakumwa zotsekemera ndi mandasi a tsiku ndi tsiku. Njinga uli nayo kale. Zimenezi ungazichite mpaka kukalamba, ndipo njira imene sungaitsate mpaka kukalamba si njira."

Anamupatsa mankhwala owonjezera magazi. Anawauza amayi ake kuti ayambe ndi phala la nsinjiro ndi zakudya zochepazochepa pafupipafupi, osati kumukhutitsa tsiku limodzi. Anatinso abwere naye sabata yotsatira kuti adzamuonenso.

Potuluka, Gloria anabwerera n'kugwada pakhomo pa chipindacho. "Zikomo, anamwino," anatero. "Palibe anandiuzapo zimenezi."

7. Unyolo uchoka

Madzulo a tsikulo Gloria anatuluka m'gulu la pafoni lija. Kenako analembera Comfort kuti apeze wina wovala diresi. Chala chinazengereza pang'ono asanatumize, ndipo atatumiza analira. Zinamuwawa, chifukwa sitepe ija anali ataidziwa kuposa onse.

"Lira, n'zowawadi," anatero a Veronica akumanga madengu awo. "Koma paukwatipo udzavina ndi ine nthawi ya perekaniperekani, utavala diresi lako lokukwana. Tidzaona ngati a pamzerewo adzatiposa."

Gloria anawakumbatira. "Azakhali, mukanapanda kubwera lero, bwenzi ndili pati?"

"Uthokoze matemba," anaseka iwo. "Ndi amene anandibweretsa."

Amayi ake anamuphikira phala n'kukhala naye mpaka anamaliza. Sanamukalipire. Anangomusisita kumsana, n'kunena kuti mawa akawauza amayi a kumathandala kuti ulendo uno ukatswiri wawo waphonya. A Jameson anatuma uthenga wina kwa a Fanuelo, wopepesa, kuti mlandu palibe.

Gloria anapuma masiku ochepa kunyumba. Tsiku lobwerera kusukulu anadzuka n'kupeza bambo ake ali pakhonde. Unyolo uja unali pansi. Iwo anali atapopa matayala, ndipo ankathira oilo patcheni.

"Ndinafulumira, mwana wanga," anatero osadzutsa mutu. "Uzipalasa pang'onopang'ono. Ukatopa, tsika uyende."

Gloria anagwada n'kulandira njingayo ndi manja awiri. Mtima wake unadzaza ndi kuthokoza. Anathokoza bambo amene anavula jekete n'kumvetsera, mayi amene anamukankhira mbale chaka cha chilala, ndi azakhali amene anamusiyira kuti alankhule yekha. Amayi ake anali atamuikira kale mbatata ziwiri zophika m'chikwama asanapite kumathandala.

Pamphambano pomwe ankakumana ndi Meshack sanapeze Meshack. Anapeza amayi ake a mnyamatayo, ataima ngati munthu amene wadikira nthawi yaitali, maso ali otupa.

"Uthenga wachiwiri wa bambo ako tinaulandira," anatero. "Koma unafika mochedwa. Atangomva woyamba uja, Meshack anachita mantha. Anakwera ngalawa ya asodzi n'kulowa m'nyanja, akuti ali kuzimbowera, m'tinyumba ta asodzi toyandama m'kati mwa mabango. Foni alibe. Tatuma anthu awiri, koma sakukhulupirira, akuti tikumunyengerera kuti abwere adzamangidwe. Mayeso a teremu ayandikira, mwanawe. Akuti sabwera pokhapokha amve kuchokera pakamwa pako."

Gloria anayang'ana msewu wa kusukulu, anayang'ananso wa kudoko. Anatembenuza njinga kuloza ku Kachulu, komwe amayi ake anali kumathandala ndipo akanatha kumupezera ngalawa ndi munthu wamkulu womuperekeza.

Asanakwere anaimika njingayo, n'kutsegula chikwama. Anatulutsa mbatata zija n'kudya zonse ziwiri ali chiimire pamphambanopo, amayi a Meshack akumuyang'ana.

"Pepani amayi, ndiyambe ndadya," anatero. "Kumene ndikupitaku n'kutali."